Ramu ya a Telala

A Telala sanali munthu wopereka mphatso. Akazi awo ankanena kuti chinthu chokhacho chimene anawapatsapo osachipempha ndi chimfine. Choncho tsiku limene analowa m'chipinda chogwiriramo ntchito cha mwana wawo atanyamula kaphukusi, mwanayo anayamba waganiza kuti abwera kudzafuna sizasi.

Mwanayo anali wotsiriza kubadwa, ndipo pakhomo ponse ankangomuitana kuti Mzime, ngakhale anali atakula mpaka kuyamba kudandaula za msana. Ntchito yake inali yojambula nyumba pa kompyuta zisanamangidwe. Munthu ankabwera ndi pulani, iye n'kuisandutsa chithunzi chooneka ngati nyumba yeniyeni, makoma, mazenera, ngakhale dzuwa likuwala pakhonde. Kale ankagwira ntchitoyi ku ofesi ya anthu, koma anasiya n'kuyamba kugwirira pakhomo, m'chipinda chimene bambo ake ankasokeramo maso asanayambe kuwavuta. Makina osokera anakankhidwira pakona atafunditsidwa nsalu. Nkhani yosiya ntchitoyo a Telala sinawakomere, koma monga mwa khalidwe lawo sanakalipe. Anangosiya kulowa m'chipindamo. Akafuna kanthu ankaima pakhomo n'kuloza.

Zimenezi Mzime zinkamuwawa kwambiri, kungoti nayenso anali mwana wa bambo ake, zowawa ankazimezera m'mimba.

"Tenga," anatero a Telala akuika kaphukusiko patebulo. "Ndinamva ukudandaula kwa mayi ako kuti makinawa akukwawa."

Mzime atamasula anapeza timatabwa tiwiri ta ramu, tatsopano, tikadali m'bokosi. Ramu ndi pamene kompyuta imayala zimene ikugwira pa nthawiyo, ndipo ikachepa ntchito yaikulu imayenda mochita kukoka miyendo. Yake inali ndi timatabwa tiwiri, mipata iwiri ili yopanda kanthu, ndipo n'zoona kuti anali atadandaula. Koma chimene chinamudabwitsa n'chakuti bokosilo linali lofanana ndendende ndi la timatabwa take takale.

"Bambo, munadziwa bwanji kuti ndi zimenezi?"

"Ndinatenga bokosi lopanda kanthu lija pashelefu pako. Munthu akafuna nsalu yofanana amapita ndi kachidutswa." Anakonza magalasi awo monyadira. "Wogulitsayo amafuna andipatse zina, akuti n'chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti chimodzimodzi ndi mawu a munthu waulesi. Dzina likhale lomwelo, mtundu womwewo, nambala yomweyo. 3600. Ndinawerenga ndekha."

Nambala imeneyo ndi liwiro limene opanga amalonjeza kuti ramuyo imathamanga. A Telala anaitchula ngati dzina la mdzukulu.

Mzime anazimitsa kompyuta, n'kuchotsa galasi la m'mbali, n'kulowetsa timatabwato bambo ake ataimirira kumbuyo kwake. Atayatsa, tinyali ta pamwamba pa timatabwa tinayaka tonse tinayi, mzere umodzi wokongola woonekera pagalasi. Kenako anatsegula tsamba loonetsa liwiro, ndipo nambala inali pomwepo, 3600. A Telala anawerama, mphuno pafupi ndi sikirini, n'kugwedeza mutu. Mzime anamva chimwemwe chimene sanachimve kwa nthawi yaitali. Bambo ake anali m'chipindamo, miyendo yonse iwiri.

Chimwemwecho chinafika mpaka masana. Ali pakati pojambula denga la nyumba ya kasitomala, sikirini inangosanduka yabuluu, kompyuta n'kudzizimitsa yokha n'kuyakanso ngati palibe chachitika. Denga linapita. Anayambiranso, n'kumasunga ntchito pafupipafupi, koma asanafike patali pulogalamu inauma gwa, mbewa ya kompyuta osasuntha. Anadziuza kuti ndi magetsi. Munthu akafuna kudzinamiza, magetsi sakana mlandu.

Mawa lake anasiya kudzinamiza n'kuyamba kufufuza. Anazula timatabwa tonse, n'kupemerera fumbi m'mipata, n'kutibwezera mosamala mpaka timano ta m'mbali tigwire. Anali ndi fulashi yokhala ndi pulogalamu yoyesa ramu, imene imalemba ndi kuwerenga paliponse m'ramumo mobwerezabwereza, ndipo ikapeza cholakwika imatulutsa mzere wofiira. Sanadikire nthawi yaitali. Mizere yofiira inayamba kutsika ngati ikuitanizana.

Anaganiza kuti bambo ake awagulitsa zakufa. Ndiye anayesa kamodzikamodzi, kathabwa kalikonse pakokha, ndipo tonse tinapambana. Anayesa take tiwiri: mbee. Anayesa ta bambo ake tiwiri: mbee, pa liwiro lomwelo la pabokosi. Koma akangotiika tonse tinayi, kufiira kunkayambiranso. Anasinthanitsa mipata. Analowa mu bayosi, tsamba lija munthu amalowamo kompyuta isanadzuke bwinobwino, n'kuwonjezera mphamvu ya magetsi yopita ku ramu pang'ono, mpaka pamene anaona kuti kupitirira apo n'kuika moyo wa makina pachiswe. Anaikamo bayosi yatsopano. Mizere yofiira inangochedwako kubwera, koma kubwera inabwera.

Yankho analipeza pa timapepala tomata kumbuyo kwa timatabwato, atationetsa kuwala kwa pazenera. Dzina linali limodzi, nambala imodzi, koma kumapeto kwenikweni kunali tizilembo tating'onoting'ono tosiyana. Tinapangidwa nthawi zosiyana, ndipo zam'kati mwake sizinali zofanana. Opanga amalonjeza liwiro pa timatabwa togulitsidwa m'bokosi limodzi, osati pa mabokosi awiri okumana ukubwera. Komanso timatabwa tinayi ndi katundu wolemererapo kwa purosesa, ubongo wa kompyuta, kusiyana ndi tiwiri. Palibe chimene chinali chakufa. Tinkangokanika kuthamangira limodzi.

Njira zinali ziwiri, ndipo Mzime ankazidziwa bwino: kuchotsa tiwiri, kapena kutsitsa liwiro. Vuto linali lakuti pa kompyuta yonseyo a Telala ankadziwa zinthu ziwiri zokha, tinyali tinayi ndi nambala ija, ndipo anali atayamba chizolowezi. Tsiku lililonse akabwera koyenda, kumene dokotala anawalamula kuti azipita m'mawa uliwonse, ankalowa m'chipindamo, n'kusuzumira pagalasi, n'kunena kuti, "Tandionetsa nambala ija." Akaiona ankati "Ehee," n'kuima pang'ono, nthawi zina n'kufunsa ngati kunja kukutentha kwa iye monga kukuwatenthera iwo. Kucheza kwake kunali komweko, koma Mzime sakanakusinthanitsa ndi chilichonse. Ankawadziwa bambo ake. Akanamva kuti mphatso yawo ndi imene ikugwetsa ntchito, manyazi akanawabweza pakhomo paja, ndipo ulendo uno mwina osalozanso.

Choncho anachita chinthu chimene munthu wanzeru zake sangachite. A Telala akangotuluka pageti, iye ankazimitsa kompyuta, n'kuzula timatabwa tawo, n'kugwira ntchito ndi take tiwiri, mokwawa momwemo. Nthawi yobwera ikayandikira ankatibwezera, n'kutseka galasi, n'kukhala tsonga ngati mwana wabwino. Akapita kokagona masana, ankazulanso. Zala zake zinazolowera mpaka ankatha kuchita zimenezi akuyankha foni.

Mayi ake anamupeza tsiku lina ali m'kati mozula, iwo atabweretsa tiyi.

"Iwe, n'chiyani chimenechi? Tsiku lililonse kuvula, kuvala?"

Mzime anawafotokozera monong'ona. Mayiwo anaseka mpaka anaika kapu pansi kuti angataye.

"Ana a anzanga amabisa zibwenzi, wanga akubisa timatabwa! Koma inu awirinu munandilakwira chiyani?"

"Amayi, musawauze."

"Ine sindiulula. Koma udziwe kuti bambo akowo chinafooka ndi maso, mutu uli bwinobwino. Ndipo ukamazula choncho udzathyola kanthu, ndiye udzalira zenizeni."

Anali kunena zoona. Kadzino kamodzi ka mpata wachitatu kanali katayamba kale kulobodoka.

Chimene chinamuulula si mayi ake, ndi mvula. M'mawa wina a Telala anatuluka kuli mitambo, akukana ambulera chifukwa bondo lawo silinawauze za mvula. Bondolo linanama. Mzime anali atavala zomvera m'makutu, maso ali pa mitengo imene ankadzala kuzungulira nyumba ya kasitomala, moti sanamve geti, sanamve chitseko. Anangomva fungo la jekete yonyowa. Atacheuka anapeza bambo ake ataima pakati pa chipinda, madzi akudontha kuchipewa. Galasi la kompyuta linali litatsamira khoma. M'kati munkayaka tinyali tiwiri. Timatabwa tawo tinali titagonekedwa bwinobwino pa nsalu yofunditsa makina osokera.

A Telala anayang'ana kompyuta, n'kuyang'ana timatabwa, n'kuvula chipewa.

"Ndinagula zolakwika," anatero. Silinali funso.

"Ayi, bambo."

"Usandinyengerere ngati kasitomala. Ngati n'zakufa, nena, ndikamuonetse wogulitsa uja kuti ukalamba si uchitsiru."

"Si zakufa. Pazokha zikugwira bwino kwambiri. Zanganso pazokha zikugwira. Koma zikakhala pamodzi pa liwiro lija, kompyuta ikugwa."

"Kuyambira liti?"

Mzime anayang'ana pansi. "Kuyambira tsiku lomwe lija."

"Ndiye masiku onsewa ndimabwera kudzaonera sewero?"

Mawu amenewo anamulasa, chifukwa sananenedwe mokalipa. Ananenedwa motsitsa, ndi munthu amene wachita manyazi. A Telala anatembenuka kuyang'ana kuchitseko, ndipo Mzime anaona kuti chimene ankaopa chija chafika, ndipo wachibweretsa yekha ndi manja ake. Anadzuka msanga, n'kutola kathabwa kamodzi ka bambo ake. Kenako anazimitsa kompyuta, ntchito ya mitengo ija osaisunga n'komwe, n'kuzula kake kamodzi.

"Bambo, taonani kaye musanapite. Chonde. Bwerani pazenera."

Anabwera mokakamizika. Mzime anagundanitsa timatabwa tiwirito n'kuwalozera timapepala. Dzina, lomwelo. Nambala, yomweyo. Kenako chikhadabo chake chinafika pa tizilembo ta kumapeto. A Telala anapukuta magalasi ndi kumunsi kwa shati, n'kuyang'ana nthawi yaitali, akusuntha timatabwato uku ndi uku pofuna kuwala.

"Izi zinapangidwa nthawi ina, izi nthawi ina," anatero Mzime. "Pabokosi salemba. Inenso ndikanapita kukagula ndikanatenga zomwezi."

"Mipukutu iwiri," anatero a Telala chapansipansi.

"Mwati chiyani?"

"Nsalu imodzi, nambala imodzi, koma mipukutu iwiri. Ndinasokapo suti yotero. M'sitolo umalumbira kuti n'zofanana. Munthu uja atatuluka padzuwa, jekete kwake, buluku kwake." Anapukusa mutu, ndipo pakamwa panaoneka ngati pakufuna kumwetulira koma mwini wake akukaniza. "Ine ndi amene ndinkalangiza anyamata za zimenezi. Lero zandigwera ndekha."

Anamubwezera kathabwako. "Chabwino. Chotsa zangazo, ugwire ntchito ngati munthu. Uzisunge, kapena upatse wina."

"Sindikufuna kuchotsa."

"Nanga ukufuna makina azigwa?"

"Pali njira ina. Ndikatsitsa liwiro, zonse zinayi zingathe kugwirizana. Koma nambala ija isintha."

Nambala ija a Telala anali ataiuza kale anzawo a koyenda, ndipo Mzime ankadziwa zimenezo chifukwa mmodzi wa iwo anamufunsapo pamsewu ngati 3600 ili bwino.

"Undiuze zoona, osati zondisangalatsa," anatero. "Pa ntchito yakoyi, chabwino n'chiti: ziwiri zothamanga, kapena zinayi zoyenda pang'onopang'ono?"

"Zinayi. Kutalitali. Liwiro likatsika pang'ono sindingazindikire n'komwe. Chimene chimandipha ine ndi kuchepa kwa malo. Nyumba ikakula, ziwiri zimadzaza, ndiye ndimangokhala kuyang'ana khoma."

"Ndiye masiku onsewa umadzizunza chifukwa cha nambala?"

"Chifukwa cha inu," anatero Mzime. "Munayamba kulowa muno."

A Telala anatsokomola, n'kuvula jekete yonyowa ija, n'kuikoleka kumsomali umene ankakolekapo tepi yoyezera kale. Kenako anakoka mpando wawo wakale wosokera, umene Mzime ankaunjikapo mapepala, n'kuika mapepalawo pansi.

"Tiye tiyeze," anatero. "Koma usangodula kwambiri nthawi imodzi. Uzibweza pang'onopang'ono mpaka pamene chikhale bwino."

Mzime anabwezera kathabwa kake. Atatenga ta bambo ake, iwo anatambasula dzanja.

"Bweretsa, ndiike ndekha. Ndionetse."

Anawaonetsa kampata kamene kali kumunsi kwa kathabwa, kamene kamayenera kulunjika ndi kadzino ka mumpata. Zala za a Telala zinali zokhuthala, koma zinali zitalowetsa ulusi pasingano moyo wonse, ndipo sizinaphonye. Chinavuta n'kukanikiza. Ankachita mantha.

"Kanikizani ndithu, bambo. Sikathyoka."

"Ukunena zoona?"

Anaika zala zake pamwamba pa zawo, n'kukanikiza nawo limodzi. Kha! A Telala anadzidzimuka, kenako anaseka. Kachiwiri anakanikiza okha.

Mzime analowa mu bayosi n'kutsitsa liwiro kufika pa 3466. Anayatsa pulogalamu yoyesa ija, n'kuwafotokozera kuti chimene sakuchifuna ndi chofiira. Anakhala pansi onse awiri, maso pa sikirini, mvula ikuwomba pazenera. Panapita nthawi ndithu, mpaka Mzime anayamba kukhulupirira, kenako mzere umodzi wofiira unatulukira pansi.

"Uwo!" anakuwa a Telala akuloza, mosangalala ngati agwira wakuba. "Ndauona ine poyamba. Bweza."

Anabweza kufika pa 3333. Apa pulogalamu inazungulira ulendo wonse woyamba popanda kanthu, ndipo Mzime anafuna kuti avomereze. A Telala anakana. Anati chovala sachiyeza munthu ataimirira pokha, amayenera akhale pansi, akweze manja, awerame. Anali asanamalize kulankhula pamene chofiira chinatulukanso. Anamuyang'ana mwana wawo monyadira.

Mayi aja anasuzumira pakhomo, n'kuona awiriwo atakhala phewa ndi phewa kuyang'anitsitsa sikirini yodzaza manambala.

"Kodi filimuyi ndi yabwino choncho?"

"Tasiyeni, tili pa ntchito," anatero a Telala osacheuka.

"Pepani, abwana." Anabwerera kukhitchini akuseka okha, ndipo chakudya cha masana anachita kuwabweretsera momwemo.

Pa 3200 pulogalamu inazungulira, n'kuzungulira, n'kuzunguliranso. A Telala anaiwala zogona masana. Ankafunsa kuti manambala othamangawo akutanthauza chiyani, ndipo Mzime ankayankha zimene ankadziwa, zimene sankadziwa n'kuvomera kuti sadziwa. Mvula inakata, dzuwa n'kutuluka, mwana wa oyandikana nawo n'kuyamba kumenyetsa mpira kukhoma. Sikirini inakhalabe yoyera. Mzime anamva mapewa ake akutsika, ndipo anazindikira kuti masiku onse aja ankakhala ataumitsa khosi.

"Yakhazikika," anatero. "Ndidzaisiyanso iyese nthawi yaitali, koma apa ndiye pake."

"3200," anatero a Telala, akuilawa nambalayo pakamwa. "Si yoipa. Anzanga aja ndikawauza kuti tinaibweza m'chiuno."

Mzime anatseka galasi, n'kuyatsa kompyuta monga mwa masiku onse. Tinyali tinayi tinayaka. Anadikira kuti bambo ake anene "Ehee" wawo uja n'kunyamuka, pakuti choti aone chinali chitatha. Koma iwo anakhalabe pampando, manja ali pamaondo.

"Nanga sukugwira ntchito? Manambala aja ndi kuyeza chabe. Tione ngati ipirire ntchito yeniyeni."

Anatsegula nyumba ya kasitomala ija. Inatseguka msanga kuposa kale lonse: makoma oyera, khonde lalitali, masitepe okhota, ndi bwalo lopanda mitengo chifukwa ija ya m'mawa inapita. Anaizungulitsa ndi mbewa kuti aone pamene analekezera, ndipo nyumba yonse inatembenuka mosalala, osadodoma. A Telala anali asanaonepo chimene mwana wawo amapanga m'chipinda chawo chosokera.

"Iyi wajambula iwe?"

"Eya, bambo."

"Yonseyi? Ndi masitepewa?"

"Yonse."

Anamva mpando ukukwekwereka pansi, kuyandikira. Mzime sanacheuke, chifukwa m'maso munali mutayamba kulengeza misozi, ndipo sanafune kuti iwononge zinthu. Anatenga mtengo woyamba n'kuudzala pafupi ndi geti.

"Tasunthira uko pang'ono," anatero a Telala. "Sindikuona bwino."